Kodi Kuluka Tsitsi ndi Tchimo?

Uthenga wa sabata ino. Mawu otsogolera: 1 Timoteo 2:8-10, 1 Petro 3:3-4 ndi Oweruza 16:4-22.

Kulikonse kumene uthenga uno wakupezani, kaya mu minibasi, kaya pa kantemba, kaya pa shifiti ya usiku, kaya mwakhala pansi wina akukulukani panopa, chisomo chikhale nanu. Sabata ino ndi wautaliko, koma ndi mawu chabe, sukuthetserani mabandulo. Werengani mpaka pansi.

Mwezi uno funso limodzi lafika kwa ine katatu. Wina analemba kuti, "Amai Busa, nifunseko, kuluka ni chimo? Ati Baibulo inakana." Wina anatumiziridwa kavidiyo ka mlaliki amene akuti mzimayi aliyense woluka akupita ku gehena, ndipo usiku umenewo anamasula mutu wonse akulira. Wachitatu ndi amene wandipweteka mtima. Mtsikana wathu mmodzi anauzidwa pakhomo la tchalitchi kuti ndi mutu umenewo sangaime kutsogolo kuimba. Lero ndi masabata 5 mpando wake uli wopanda munthu. Ndiye mukuona kuti pano sitikukamba za fashoni. Pali nkhosa imene yatuluka m'khola.

Tiyambire kwathu, chifukwa Paulo asanafike m'manja mwathu, makolo athu anali kale ndi zonena pa za mutu.

Kumudzi tsitsi linali kulankhula. Pakachitika maliro, patapita masiku ochepa a pabanja anali kumetedwa, ndiko kumeta maliro kachimodzi. Patapita miyezi kunali kumeta kachiwiri, ndipo apo m'pamene namfedwa anali kumasuka kuyambanso moyo. Ukakumana ndi mayi wometa mpala panjira, sunali kufunsa zambiri, unali kudziwa kuti kwawo kwagwa zovuta. Namwali akamatuluka m'tsimba anali kumetedwa, kusonyeza kuti zaubwana zatsala m'mbuyo. Khanda nalo likamatuluka m'chikuta tsitsi lobadwa nalo linali kuchotsedwa. Ndipo tsitsi lometedwa silinali kutayidwa paliponse iyayi. Anali kulikwirira kapena kulibisa, poopa kuti mfiti ingatole. Sungani mfundo imeneyi, tibwererako.

Si ife tokha. Ku Namibia, pakati pa Ahimba, kamtsikana kamalukidwa michira iwiri yogwera kumaso, ndipo akakula kalukidwe kamasintha, akakwatiwa amavala china pamutu, moti mlendo amawerenga msinkhu wa munthu pongomuyang'ana. Ndipo m'masiku a ukapolo, ogula anthu anali kumeta akapolo asanawakweze m'zombo. Munthu wometedwa chotero sanalinso kudziwika kuti ndi wa fuko liti kapena ndi mwana wa ndani. Choncho mkazi wakuda akaluka mutu wake bwinobwino, musafulumire kunena kuti watengera za kunja. Kuluka ndi kwathu, mawigi ndiwo anatipeza.

Manje ganizirani mmene kuluka kumachitikira. Ambirife tinakulira pa mphasa, pansi pa mtengo wa mango, titakhala pakati pa maondo a amayi kapena a achemwali, sukulu ikutsegulidwa mawa. Chipeso chili apo, tiufuta tili apo, ulusi wakuda wa kotoni uli apo. Agogo athu anali kudzola mafuta a nsatsi. Mukule ukamalukidwa, woluka amayamba ndi tizingwe titatu, ndipo akamapita amatolako tsitsi pang'onopang'ono mpaka mzere wafika kunkhongo. Iwe wolukidwa suona chilichonse. Kumbuyo kulibe maso. Umangowerama, n'kukhulupirira manja a munthu amene ali kumbuyo kwako.

Pa mphasa paja m'pamene panali sukulu yeniyeni. Mayi akamagawa mizere anali kuona chipere chisanafalikire, anali kuona nsabwe, anali kuona chotupa chimene mwana sananene kuti anamumenya ndani. Mtsikana amene sangathe kuyang'ana amayi ake m'maso n'kunena chimene chikumuvuta, anali kuchinena atawerama, nkhope ili pansi. Malangizo ambiri amene akutisunga m'mabanja lero sitinawamve kwa alangizi tsiku la kitchen party. Tinawamva chipeso chili m'mutu. Tito 2 imalamula amayi akuluakulu kuphunzitsa ang'onoang'ono, ndipo agogo athu ena osadziwa kuwerenga anali kuchita zimenezo ndi zala zawo. Mlaliki 4:12 imakamba za chingwe cha nkhosi zitatu kuti sichiduka msanga. Mzimayi aliyense woluka amadziwa zimenezo popanda womuuza: ziwiri zimamasuka, chachitatu ndicho chimagwira.

Ndiye Paulo anali kuletsa zimenezi? Tiyeni titsegule.

Timoteo anali ku Efeso, mzinda waukulu wa malonda, wa padoko, kumene kunali kachisi wotchuka wa Artemi. Unali pansi pa ulamuliro wa Aroma. Akazi olemera a nthawi imeneyo anali ndi akapolo amene ntchito yawo inali mutu wa dona basi. Tsitsi linali kulukidwa, kupindidwa, kusanjikidwa m'mwamba, n'kulowetsamo zingano za golide ndi ngale. Ena anali kugula tsitsi loyera lochokera ku Germany ndi lakuda lochokera ku India. Ziboliboli za mitu imeneyo zilipo mpaka lero m'nyumba zosungiramo zakale. Mutu wotere unali kulengeza kuti, ine ndili ndi chuma, ndili ndi antchito, sindisenza mtsuko.

Tsono mpingo wa masiku amenewo unali kusonkhana m'nyumba za anthu, dona ndi kapolo m'chipinda chimodzi, mgonero umodzi. Tangoganizani dona walowa ndi golide pamutu, ndipo pambali pake pakhala kamtsikana kamene kadzuka m'mamawa kumuluka, kali ndi chovala chimodzi. Kodi kamtsikanako kangakweze manja momasuka? Ndicho chifukwa chake Paulo sanatchule kuluka pakokha. Anakuika pamodzi ndi golide, ngale ndi zovala za mtengo wapatali, kenaka n'kunena chimene akufuna m'malo mwake, ndicho ntchito zabwino zoyenera akazi oopa Mulungu.

Petro naye pa 1 Petro 3:3 anatchula zinthu zitatu: kuluka tsitsi, kuvala golide ndi kuvala zovala. Inu amene mukuti vesili laletseratu kuluka, werengani mpaka kumapeto kwake. Ndiye kuti laletsanso kuvala? Tibwere bwanji ku tchalitchi Sondo? Petro akunena za kumene kukongola kwanu kwakhazikika. Akuti kukhale mkati, mu mzimu wofatsa ndi wachete, umene sukalamba ndipo Mulungu amauwerengera mtengo waukulu. Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 11:15 amati tsitsi la mkazi ndi ulemerero wake. Pa Ezekieli 16 Mulungu mwini akudzifanizira ndi mwamuna amene akuveka Yerusalemu zibangili, mkanda, ndolo ndi chisoti chokongola. Chimene chinamukwiyitsa pambuyo pake n'chakuti Yerusalemu anayamba kudalira kukongolako.

Choncho yankho langa ndi ili, ndipo ndikulinena poyera: kuluka tsitsi si tchimo. Palibe amene adzatsekeredwe kumwamba chifukwa cha mukule, ndipo palibe amene adzalowe chifukwa cha chitambala. Chipata ndi mwazi wa Yesu. Lembani Ameni ngati mwamva.

Kwa amayi amene munalankhula ndi mtsikana uja, sindikutchulani dzina, ndipo ndikudziwa kuti mumakonda nyumba ya Mulungu. Koma mwamanga katundu amene Yesu sanamange. Aroma 14 imatifunsa kuti ndife ndani kuweruza wantchito wa mwini wake. Ngati chikumbumtima chanu chikukuuzani kuti inu musaluke, musaluke, ndipo Mulungu akulandirani. Koma musasandutse chikumbumtima chanu kukhala loko wa pakhomo la tchalitchi. Sabata ino musatume meseji. Nyamukani, mupite kwawo, mukakhale pansi, mukapepese, Sondo mubwere naye. Mukafuna woperekeza ndiimbireni.

Manje atsikana anga, musathamange ndi ufulu umenewu musanamve mbali inayo, chifukwa mzimu wa ku Efeso sunafe. Uli pakati pathu.

Ndalama za chilimba zimene munagwirizana ndi amuna anu kuti ndi za lendi, zathera ku saluni. Wina watenga kaloba kuti agule tsitsi la ukwati wa mnzake, ukwati watha Loweruka lomwelo, chiwongoladzanja chikukulabe mpaka lero. Mwana wapita kusukulu ndi nsapato yoboola pamene mutu wa amake ukuwala. Wina amakhala maola 8 osagwedezeka pa mpando wolukira, koma pemphero likafika mphindi 20 wayamba kuyang'ana pa foni. Ndipo choipitsitsa, wina amalowa m'tchalitchi n'kuyang'ana mlongo wake wa chitambala chakutha kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kusuntha pang'ono pa benchi. Yakobo 2 inakamba kale za wa mphete ya golide amene apatsidwa mpando wabwino pamene wosauka auzidwa kuti aimirire. Apa m'pamene mawu a Paulo akulumira. Musanaluke dzifunseni: ndalama iyi ndi yanga, kapena ndi ya pakamwa pa ana? Ndipo ndikufuna kuti andione ndani?

Ndinenenso pang'ono za thupi, poti nalo ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Kuluka kothina kwambiri kumazula tsitsi la m'mbali, ndipo mukapitiriza kwa zaka limaleka kumera. Ena mphumi yafika pakati pa mutu, kenaka mubwera pa mzere wa mapemphero kuti a mdani akudya tsitsi langa. Mdaniyo ndi woluka wothina uja. Mwana akamalephera kugona, akamamwa mankhwala a mutu chifukwa cha malukidwe, masulani. Kukongola sikufuna misozi ya mwana wa zaka 4.

Tibwerere ku mantha aja. Pali chiphunzitso chimene chikuyenda m'mafoni chakuti tsitsi logula lili ndi ziwanda. Tiyeni tinene zoona zake. Lambiri limene timagula pamsika ndi la pulasitiki, lopangidwa ku fakitale. Koma n'zoona kuti tsitsi lina la anthu limachokera ku India, ngakhale pa paketi atalemba dzina la dziko lina. Ku Tirumala, pafupi ndi mzinda wa Tirupati, kuli kachisi wamkulu wa Ahindu kumene anthu ambirimbiri amametedwa ngati chopereka kwa mulungu wawo, ndipo akachisi amagulitsa tsitsilo kwa amalonda. Ndiye funso n'lomveka: Mkhristu angavale chinthu chimene chinaperekedwa ku guwa lina?

Mpingo wa ku Korinto unali ndi funso lomwelo, koma pa nyama. Nyama ina ya pamsika inali yochokera ku nsembe za mafano. Werengani 1 Akorinto 8 ndi 10:25-29. Paulo anawauza kuti fano lilibe mphamvu, dziko ndi zonse zili m'menemo ndi za Ambuye, choncho agule pamsika popanda kufufuza ndi mantha. Koma anawonjezera kuti ngati chinthucho chikukhumudwitsa m'bale wofooka, chikondi chitsogole. Ine ndikuti chimodzimodzi. Ngati mtima wanu ulibe mtendere nalo, lisiyeni, simutaya kanthu. Ngati muli ndi mtendere, yamikani Mulungu muvale. Koma chimene ndikukana ndi Mkhristu wodzazidwa ndi Mzimu kumanjenjemera ndi paketi ya tsitsi. Amene ali mwa inu ndi wamkulu kuposa amene ali m'dziko. Aleluya!

Ndipo inu amene mumatolera tsitsi lanu pansi mu saluni n'kulibisa m'chikwama, kuopa kuti wina angakuchitireni mankhwala, mverani. Makolo athu anali kubisa chifukwa analibe wina wowatchinjiriza. Inu muli naye. Pa Luka 12:7 Yesu akuti ngakhale tsitsi la m'mutu mwanu Atate analiwerenga lonse, ndipo ananena zimenezo pofuna kuti tisaope. Limene lagwa pa chipeso m'mawa uno analiwerenga kale. Mfiti ingatole bwanji chinthu chimene chili m'kaundula wa Mulungu n'kukugwirani nacho? Sesani, tayani, mugone tulo. Ndikulengeza m'dzina la Yesu kuti mantha aliwonse amene munatengera ku makolo pa za mutu wanu aduke lero!

Koma pali ngozi yeniyeni pa nkhani ya kuluka, ndipo ili pa Oweruza 16. Ambiri timakumbukira kuti Samsoni anametedwa. Timaiwala kuti asanametedwe analukidwa.

Samsoni anali Mnaziri chibadwire, wopatulidwa kwa Mulungu, lumo losayenera kupita pamutu pake. Anakonda Delila wa ku chigwa cha Soreki. Akalonga a Afilisti analonjeza mkaziyo ndalama zasiliva 1,100 aliyense ngati atapeza chinsinsi cha mphamvu zake. Poyamba Samsoni ananama za nsinga zaziwisi. Kachiwiri ananama za zingwe zatsopano. Koma kachitatu, taonani, bodza lake linafika pamutu. Anamuuza kuti aluke njombi zake 7 pamodzi ndi ulusi wa pa choombera nsalu. Delila analuka, Samsoni ali m'tulo. Anadzuka n'kuzula zonse, akuganiza kuti wapambananso. Koma manja a mdani anali atazolowera kale mutu wake. Kachinayi ananena zonse, Delila anamugoneka pa maondo ake, n'kuitana wometa. Vesi 20 ndi imodzi mwa mavesi oopsa m'Baibulo lonse: munthu anadzuka kuti akamenye nkhondo monga mwa masiku onse, osadziwa kuti Yehova wamuchokera.

Mphamvu sinali mu tsitsi. Inali mu pangano, tsitsi linali chizindikiro chabe. Samsoni anagwa chifukwa anaweramitsa mutu pamalo olakwika n'kutsegula mtima kwa munthu amene anali atalandira kale mtengo wake.

Okondedwa, mutu wanu mwautsamiritsa pa maondo a ndani? Amene akukulukani amamva zambiri. Pa mpando paja pakamwa pamamasuka, mumanena za amuna anu, za apongozi, za malipiro, za zimene mlongo anakuuzani mwachinsinsi ku cell group kuti mumupempherere. Pofika madzulo komboni yonse yadziwa. Ena mabanja anagwedezeka ndi malangizo a pa saluni: "Iwe ukali kupirira? Ine nikanachoka kudala." Sindikunyoza oluka, ambiri ndi alongo athu mumpingo muno, ndipo manja awo ndiwo akulipira lendi ndi kudyetsa ana. Kwa inu oluka ndikuti: Mulungu wakupatsani guwa limene ine ndilibe. Ine ndimakhala ndi anthu maola awiri pa Sondo, inu mumakhala ndi munthu mmodzi tsiku lathunthu, atawerama, akumvetsera. Mukumuthira chiyani m'makutu? Mungathe kumupempherera chamumtima mzere uliwonse. Mungathe kukhala manda a chinsinsi chake. Ndipo musamuthinitse.

Azibambo, ndakuonani mukuseka kuti lero ndi za azimayi. Samsoni anali mwamuna. Abisalomu anali mwamuna, wokongola kuposa onse mu Israeli, ndipo akameta kamodzi pachaka tsitsi lake linali kulemera masekeli 200, kuposa makilogalamu 2. Anali kuliyeza pa sikelo, tangoganizani. Anathera wolendewera pa mtengo, mutu utakodwa m'nthambi, nyulu itapitirira. Ndipo 1 Timoteo 2 isanafike pa tsitsi la akazi, vesi 8 imayamba ndi inu: kwezani manja oyera popemphera, opanda mkwiyo ndi makani. Dzanja limene lakoka mkazi tsitsi Lachisanu usiku silingakwezedwe Sondo ngati loyera. Lapani, ndipo mubwere tikambirane. Komanso mkazi wanu akabwera ataluka, muuzeni kuti waoneka bwino. Sizidula ndalama.

Pali ena amene mukuwerenga uthenga uno mulibe choluka. Matenda anakuthothola, kapena mankhwala a khansa, kapena munametedwa pa maliro a amuna anu ndipo achibale anatenga ndi katundu yemwe. Mumavala chitambala osati chifukwa cha fashoni. Ena imvi zadzaza, ndipo mumazibisa ngati ngongole, pamene Miyambo 16:31 imazitcha chisoti chaulemu, ndipo pa Yesaya 46:4 Mulungu akulonjeza kukunyamulani kufikira imvi. Kwa amene mukumva ngati zonse zinathera pa maondo a Delila, werengani Oweruza 16:22. Ali m'ndende, maso atakolowoledwa, akupera ngati kapolo, tsitsi lake linayamba kumeranso. Afilisti sanaliganizire. Mulungu sanathe nanu. Landirani zimenezo.

Ndipo kumbukirani mkazi wa pa Luka 7. Analowa m'nyumba ya Simoni Mfarisi, anthu onse akudziwa mbiri yake. Mwini nyumba sanapatse Yesu madzi osambitsa mapazi, sanamupsompsone, sanamudzoze mafuta pamutu. Mkaziyo ananyowetsa mapazi a Ambuye ndi misozi, n'kuwapukuta ndi tsitsi lake. Chimene akazi a ku Efeso anali kukweza m'mwamba kuti anthu aone, iye anachitsitsa pa fumbi la mapazi a Yesu. Simoni anaona wochimwa. Yesu anamuuza mkaziyo kuti machimo ake akhululukidwa, apite mu mtendere. Za kalukidwe kake sanafunse n'komwe.

Loweruka likubwerali, kuyambira 9 koloko m'mawa, amayi ndi atsikana tonse tikumane pabwalo la tchalitchi. Tili ndi ana amasiye mumpingo ndi m'komboni amene alibe maondo okhalapo pakati, ndipo tili ndi agogo amene manja sakufikanso kumutu. Tikawasambitse, tikawapese, tikawaluke mukule wamba, kwaulere. Bweretsani zipeso, mafuta, sopo, mabeseni ndi mphasa. Amene simudziwa kuluka bwerani ndithu, mudzagwira ana ndi kuphika tiyi. Azibambo amene muli ndi makina ometera, anyamata aliponso, ndipo tikufuna awiri otunga madzi. Amene mubwera lembani dzina pa gulu la amayi pofika Lachinayi kuti tidziwe buledi wogula.